Chaona Mnzako Chapita, Mawa Chili pa Iwe: Phunziro la Moyo wa Orton Chirwa

Akuluakulu akale akaona munthu akuseka tsoka la mnzake, kapena akuyang'ana kumbali pamene mnzake akuponderezedwa, ankamutsina khutu ndi mawu akuti, "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe." Ana a sukulu amauloweza mwambiwu akadali aang'ono, ndipo pa mayeso amayankha kuti tanthauzo lake n'lakuti mavuto sasankha munthu. Yankho limeneli n'lolondola, koma silikwanira. Mwambiwu sukamba za matenda, maliro ndi njala zokha ayi. Umafikanso pabwalo la milandu. Pamene wakhala woimbidwa mlandu lero, mawa padzakhala wina, ndipo winayo akhoza kukhala yemwe akuweruza lero. Motero munthu amene wapatsidwa udindo wokonza malamulo a pabwalo ayenera kuwakonza ngati kuti woyamba kuweruzidwa nawo adzakhala iye mwini.

M'mbiri ya dziko la Malawi n'kovuta kupeza moyo wa munthu umene ukumasulira mwambiwu momveka kuposa wa malemu Orton Edgar Ching'oli Chirwa. Iwo adali loya woyamba wachikuda m'dziko la Nyasaland, adayambitsa chipani cha Malawi Congress Party, ndipo adali nduna ya zachilungamo pamene dziko limalandira ufulu. Koma pomaliza adaweruzidwa kuti aphedwe m'bwalo limene silinkalola loya kuimira munthu, ndipo adamwalirira m'ndende ya Zomba pa 20 Okutobala 1992.

Mphunzitsi amene adadzakhala loya

A Chirwa adabadwa pa 30 Januwale 1919 m'boma la Nkhata Bay, kwa Atonga a m'mphepete mwa nyanja. Maphunziro adawafikitsa ku koleji ya Fort Hare ku South Africa, kumene kudaphunzira ambiri mwa amene adadzatsogolera maiko a kuno kummwera kwa Africa. Atabwerako adagwira choko, naphunzitsa aphunzitsi ku Domasi. M'chaka cha 1951 adakwatira Vera Chibambo, amene pambuyo pake adadzakhala mayi woyamba wa ku Malawi kukhala loya. Ali kale bambo wapabanja, a Chirwa adapita ku London kukaphunzira malamulo, ndipo mu 1958, ali ndi zaka 39, adalandiridwa kukhala loya ku Lincoln's Inn.

Achinyamata a lero, amene adazolowera kuona zikwangwani za maloya m'misewu ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, sangamvetse msanga kukula kwa nkhaniyi. Masiku amenewo munthu wakuda akalowa m'Bwalo Lalikulu ankapeza kuti woweruza ndi mzungu, womuimba mlandu ndi mzungu, chilankhulo n'Chingelezi, ndipo mawu ake ankafika kwa woweruza kudzera pakamwa pa womasulira. Tsono kuona mwana wa m'mudzi atavala mkanjo wakuda, akutsutsana ndi azungu pa malamulo awo omwe, chidali chinthu cholimbitsa anthu mtima.

Adabwerera kwawo dziko litatentha. Kuyambira mu 1953 Nyasaland idali m'chitaganya pamodzi ndi maiko awiri a Rhodesia, chinthu chimene anthu akuda adachikana kuyambira pachiyambi. Dr Hastings Kamuzu Banda adafika pa Chileka pa 6 Julayi 1958 kudzatsogolera chipani cha Nyasaland African Congress. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Sir Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pa ngozi, naletsa chipanicho. Dr Banda adatumizidwa ku ndende ya Gweru, ndipo anthu oposa 1,000 adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Ku Nkhata Bay, kwawo kwa a Chirwa, asilikali adawombera khamu limene lidasonkhana padoko pofuna kuti abale awo amene adatsekeredwa m'sitima ya Mpasa amasulidwe, ndipo anthu osachepera 20 adafa. A Chirwa nawo adatsekeredwa. Choncho kuwawa kokhala m'ndende popanda mlandu sadachite kukuwerenga m'mabuku a ku London, adakulawa okha.

Atatulutsidwa mu Ogasiti chaka chomwecho, adagwiritsa ntchito nzeru zauloya. Lamulo lidaletsa chipani chakale, koma silidaletse kuyambitsa chatsopano. Pa 30 Seputembala 1959 adakhazikitsa Malawi Congress Party, iwo nakhala mtsogoleri, ndipo mnyamata Aleke Banda adakhala mlembi wamkulu. Kuyambira tsiku loyamba adanena poyera kuti mpandowo akungousungira mwini wake. Dr Banda atatulutsidwa pa 1 Epulo 1960, sipadapite masiku ambiri, a Chirwa adaupereka.

Apa ayenera kuyamikiridwa mosanyinyirika. Ndi anthu ochepa amene amati akasungitsidwa mbuzi, n'kuiona itaswa, amaibweza pamodzi ndi ana ake. Koma chaka chomwecho, pa msonkhano wa ku Nkhotakota, chipani chidasankha Dr Banda kukhala mtsogoleri wake kwa moyo wonse. Kubweza mpando kudali ulemu. Kuupereka wopanda chingwe kudali kuiwala kuti mutu umodzi susenza denga. Ngakhale kumudzi mfumu siikhala yokha. Imakhala ndi nduna zoilangiza, ndiponso mbumba imene idaisankha imatha kuiitanira m'nyumba n'kuidzudzula.

Pamsana pa njovu

Chipani chitapambana pa chisankho cha mu Ogasiti 1961, a Chirwa adapatsidwa udindo mu unduna wa zachilungamo, ndipo mu 1963 adakhala nduna. Ntchito yaikulu imene adagwira idali yokonzanso makhothi aang'onoang'ono. Kuyambira mu 1933 boma la atsamunda lidapatsa mafumu mphamvu zoweruza milandu, ndipo ndi m'makhothi amenewa mmene alimi ankalipitsidwa chindapusa chifukwa chophwanya malamulo a malimidwe amene anthu ankadana nawo kwambiri. Lamulo la mu 1962 lidakhazikitsa makhothi atsopano okhala ndi apampando osankhidwa ndi boma, amene sikudali kofunika kuti akhale mafumu. Cholinga chidali chomveka: chilungamo chifike pafupi ndi anthu, m'chilankhulo chawo, mosadula. Vuto lake lidali lakuti amene wasankha woweruza amathanso kumuchotsa, ndipo ambiri mwa osankhidwawo adali okhulupirika ku chipani.

Pali mbali ina ya zaka zimenezi imene okonda a Chirwa safuna kuikamba, koma olemba mbiri ya nthawiyo adailemba. Ufulu ukuyandikira, anthu amene sankagwirizana ndi chipani ankamenyedwa, kuotcheredwa nyumba ndi kuzuliridwa mbewu, ndipo ena adaphedwa. A Mboni za Yehova, amene ankakana kulembetsa m'kaundula wa chisankho, adazunzika kwambiri kumayambiriro kwa 1964. Bwanamkubwa Sir Glyn Jones adadandaula kuti milandu yambiri yotere siinkazengedwa, ndipo nduna yoyang'anira zachilungamo idali a Chirwa. M'nyengo yomweyo Dr Banda ndi nduna yawoyi ankanyoza mfundo zina za makhothi achingelezi, monga yakuti munthu ndi wosalakwa kufikira bwalo litamupeza wolakwa, ndi yakuti umboni uyenera kukhala wosasiya chikayiko. Ankati mfundo zotere zimapulumutsa zigawenga.

Patangopita milungu yochepa dziko litalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, Dr Banda adafuna kubwezeretsa lamulo lotsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, lomwe lija lidawatsekera iwo ndi anzawo mu 1959. Nduna imodzi yokha ndiyo idatula pansi udindo nthawi yomweyo, loya wa ku Scotland, Colin Cameron. Nduna zina, kuphatikizapo a Chirwa, zidakhalabe pamipando. Akuluakulu adati, "Ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame." Amene ankanyowa ndi mame masiku amenewo adali anthu wamba ndi otsutsa, ndipo kuchokera pamwamba pa njovu kulira kwawo kunkamveka patali.

Mame afika pamwamba

Kumapeto kwa Ogasiti 1964 nduna zidalimba mtima n'kuuza Dr Banda madandaulo awo maso ndi maso, ndipo pambuyo pake zidakawalemba zitakumana pa Ku Chawe, pamwamba pa phiri la Zomba. Zidadandaula ndi tiki imene odwala ankayenera kulipira m'zipatala za boma, malipiro a ogwira ntchito m'boma, kuchedwa kupereka maudindo kwa Amalawi, ubwenzi ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, komanso khalidwe la mtsogoleri lochita zinthu payekha ndi kuwatchula pagulu kuti ndi anyamata ake. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma Dr Banda adaona chiwembu m'malo mwa uphungu. Pa 7 Seputembala adachotsa a Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Mayi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Masauko Chipembere adatula pansi maudindo awo. Chaka chisadathe, munthu amene adayambitsa chipani adali wothawa kwawo m'dziko la Tanzania.

Kumeneko adakhala zaka 17, akugwira ntchito zamalamulo, ndipo pambuyo pake adayambitsa gulu lotsutsa boma la Malawi Freedom Movement, lodziwika kuti MAFREMO. Mmbuyo muno Malawi adasanduka dziko la chipani chimodzi mu 1966, ndipo mu 1971 Dr Banda adakhala pulezidenti wamuyaya.

Chimene chidadzasintha mapeto a moyo wa a Chirwa chidachitika iwo ali kutali. Kuyambira mu 1968 mpaka 1970, anthu osachepera 30 adaphedwa mwankhanza usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi m'madera ena a Blantyre. Anthu adagwidwa ndi mantha, mphekesera zidafala, ndipo boma lidakwiya poona kuti Bwalo Lalikulu likumasula oganiziridwa chifukwa chosowa umboni. Mu 1969 nyumba ya malamulo idasintha lamulo la makhothi aang'ono aja, niwapatsa dzina loti ndi makhothi a miyambo. Pamwamba pawo padakhazikitsidwa khothi limodzi m'chigawo chilichonse ndi lina la apilo, okhala ndi mphamvu zoweruza milandu yakupha ndi kupereka chilango cha imfa. Oweruza ambiri adali mafumu, pamodzi ndi mmodzi wophunzira malamulo, ndipo onse ankasankhidwa ndi kuchotsedwa ndi Dr Banda. Loya sankaloledwa kuimira munthu, ndipo kuitana mboni kunkadalira chilolezo cha bwalo. Majaji achingelezi a ku Bwalo Lalikulu adatula pansi udindo posagwirizana nazo. Patapita zaka zingapo makhothiwa adapatsidwanso mphamvu zoweruza milandu youkira boma.

Kodi umenewu udali mwambo?

Pano m'pofunika kuima pang'ono, chifukwa dzina la mwambo lidagwiritsidwa ntchito molakwika, ndipo kufikira lero ena amaganiza kuti chiweruzo cha makolo chidali chotero.

Aliyense amene adakhalapo pabwalo la kumudzi, pansi pa mtengo wa kachere, akudziwa mmene mlandu umayendera. Munthu sapita yekha. Amapita ndi mwini mbumba, kawirikawiri malume ake, kapena nkhoswe ngati nkhani ndi ya banja, ndipo ameneyo amamulankhulira, amamukumbutsa zimene waiwala, amapempha bwalo kuti lichepetse dipo. Wodandaula amayala nkhani yake mpaka kumapeto popanda womudula pakamwa, kenaka woimbidwa mlandu amayankha momwemonso. Mboni za mbali zonse zimaitanidwa, ndipo ngati mboni ili kutali, mlandu umaimitsidwa kufikira itabwera, pakuti mlandu suola. Nduna zimafunsa mafunso, anthu amamvetsera, ndipo mfumu imalankhula pomaliza itamva maganizo a nduna zake. Wosakhutira amapita kwa gulupu, ndipo akapanda kukhutirabe amakafika kwa mfumu yaikulu. Cholinga chachikulu chimakhala choti anthu amene amatunga madzi pachitsime chimodzi apitirize kupatsana moni.

Sikuti chiweruzo cha makolo chidalibe zilema. Mwavi udapha anthu ambiri osalakwa usadaletsedwe mu 1911, ndipo amasiye ndi alendo sankapeza chilungamo chofanana ndi cha eni mudzi nthawi zonse. Koma pa mfundo ziwiri, mwambo ndi malamulo a ku Lincoln's Inn zimagwirizana: munthu ayenera kumvedwa mokwanira, ndipo ayenera kukhala ndi womuimira. Loya ndi nkhoswe ya m'khothi. Bwalo limene likuthamangitsa nkhoswe, kukana mboni, ndi kuweruza mlandu umene wodandaula wake ndi yemwe adasankha oweruza, silingatchedwe la mwambo. Makhothi a 1969 adabwereka mafumu ndi dzina, koma mtima wa bwalo adausiya kunja.

Mlandu wa ku Soche

Pa 24 Disembala 1981 a Chirwa, mayi akunyumba kwawo ndi mwana wawo wamwamuna adagwidwa ndi achitetezo a Malawi. Boma lidati lidawagwira atalowa m'dziko muno cha ku Mchinji. Eni ake adanenetsa kuti adachita kubedwa ali m'dziko la Zambia, kufupi ndi Chipata. Mu 1982 bambo ndi mayi adaimikidwa pamaso pa khothi la miyambo la chigawo cha kummwera ku Soche, mumzinda wa Blantyre, pa mlandu wofuna kugwetsa boma. Maloya awiri ophunzira ku London adaima m'bwalo lopanda loya, akudziyankhira okha. Mboni zimene adapempha kuti zibwere kuchokera kunja sizidaloledwe. Pa 5 Meyi 1983 onse awiri adaweruzidwa kuti aphedwe, ndipo khothi la apilo la miyambo lidavomereza chigamulocho mu Febuluwale 1984. Maiko, mipingo monga Church of Scotland, ndi mabungwe monga Amnesty International atachonderera, mu Juni 1984 Dr Banda adasintha chilangocho kukhala cha ndende moyo wonse.

Ku Zomba adasungidwa m'ndende imodzi koma osaonana. A Chirwa adakhala nthawi yaitali m'chipinda cha okha, nthawi zina atamangidwa maunyolo m'miyendo. Mu Seputembala 1992 gulu la maloya a ku Britain lidaloledwa kuwayendera, ndipo pamenepo m'pamene mwamuna ndi mkazi adaonana patapita zaka 8. Nkhalamba ya zaka 73 idali itayamba kuvutika kuona ndi kumva. Kunja mphepo idali itasintha kale: mabishopu a Katolika adali atatulutsa kalata yawo yotchuka pa 8 Malichi chaka chomwecho, ndipo mu Okutobala Dr Banda adalengeza kuti kudzakhala riferendamu. Mwezi womwewo a Chirwa adamwalira m'ndende. Mayi Vera Chirwa adamasulidwa pa 24 Januwale 1993, ndipo pa 14 Juni chaka chomwecho Amalawi adasankha ulamuliro wa zipani zambiri.

A Chirwa sadali okha amene mwambiwu udawapeza. Albert Muwalo, mlembi wamkulu wa chipani amene anthu ankanjenjemera akamva dzina lake, adaweruzidwa m'khothi la miyambo nanyongedwa mu 1977. Gwanda Chakuamba, amene adatsogolerapo a Payoniya, adalamulidwa m'khothi lomwelo kukhala m'ndende zaka 22. Aleke Banda, mlembi woyamba uja, adatsekeredwa zaka 12 popanda mlandu kuyambira mu 1980. Ndipo pasadathe milungu iwiri a Chirwa ataweruzidwa, nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza osafika n'komwe pabwalo lililonse. Onsewa adali m'kati mwa boma pamene anzawo ankatengedwa mmodzimmodzi.

Kodi adadzitchera okha msampha?

Wina akhoza kunena kuti n'kupanda ulemu kukumba zolakwa za munthu amene adafera m'ndende. Akhozanso kunena, ndipo molondola, kuti makhothi amene adawaweruza adakhazikitsidwa patatha zaka 5 iwo atathawa. Kuti makhothi a atsamunda adalidi otalikirana ndi anthu ndipo ankafunika kukonzedwa. Ndiponso kuti m'zaka za 1960 mpaka 1964 aliyense wotsutsa Dr Banda poyera ankaoneka ngati wogulitsa ufulu wa dziko kwa a chitaganya.

Zonsezi n'zoona, ndipo palibe munthu wanzeru amene anganene kuti a Chirwa adalandira zowayenera. Mlandu wa ku Soche udali wopanda chilungamo, ndipo bungwe la African Commission on Human and Peoples' Rights lidadzagamula motero patapita zaka. Amene adawatsekera ndiwo ali ndi mlandu wa zaka 11 zimene adakhala m'ndende. Koma akuluakulu adati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Ulamuliro wankhanza sudagwe kuchokera kumwamba mu 1964. Udamera pang'onopang'ono m'zaka zimene anthu ophunzira, odziwa bwino kufunika kwa malamulo, adaona nyumba za otsutsa zikupsa nati si nthawi yake yolankhula. Pakati pa onsewo, amene ankadziwa koposa kuti mfundo yakuti munthu ndi wosalakwa kufikira atapezeka wolakwa ndi mpanda woteteza aliyense, adali loya. Mpandawo utayamba kuzulidwa pofuna kuthana ndi adani a chipani, fisi sadafunse kuti mbuzi iyi ndi ya yani.

Kunena zimenezi sikuchepetsa a Chirwa. Munthu amene adabweza mpando mu 1960, amene adalimba mtima kutsutsa mtsogoleri mu 1964, ndipo adaima ku Soche osagwada, safunika kumupaka laimu kuti aoneke woyera. Mbiri yake yathunthu imaphunzitsa zambiri kuposa mbiri yosefa. Ikuonetsa kuti ngakhale munthu wabwino ndi wophunzira akhoza kugona tulo pamene moto uli kwa mnansi. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Zimene mwambiwu ukufunsa lero

Makhothi aja adaimitsidwa mu 1993. Malamulo aakulu a dziko a mu 1994, m'gawo 42, amanena kuti womangidwa aonekere kukhothi pasanathe maola 48, kuti ali ndi ufulu wokhala ndi loya, woitana mboni zake, ndi woonedwa ngati wosalakwa kufikira bwalo litagamula. Gawo 110 limalola makhothi a miyambo, koma pa nkhani za chikhalidwe ndi milandu ing'onoing'ono yokha. Mawu amenewa adalembedwa ndi anthu amene ankakumbukira za ku Soche.

Woyamba mwa akuluakulu kupindula nawo adali Dr Banda mwini wake. Mu 1995 adazengedwa mlandu wokhudza imfa za ku Mwanza, pamodzi ndi John Tembo ndi ena. Mlanduwo udapita ku Bwalo Lalikulu, adaimiridwa ndi maloya, wina wochokera ku Britain, ndipo mu Disembala chaka chomwecho adapezeka osalakwa chifukwa umboni sudakwane. Ambiri zidawawawa, makamaka abale a ophedwa, ndipo kuwawa kwawo n'komveka. Komabe kudali koyenera kuti nkhalambayo ipatsidwe zonse zimene idamana a Chirwa. Dziko likadaimana, likadangosintha wokwera pamsana pa njovu, njovu ili yomweyo. Chimodzimodzinso pa 3 Febuluwale 2020, pamene majaji asanu adafafaniza chisankho cha pulezidenti cha mu 2019, chipani chimene chidatsekera maloya kunja kwa bwalo mu 1969 chidali pakati pa opindula ndi ntchito ya maloya m'bwalo loima palokha.

Koma mpanda umene udamangidwanso mu 1994 ukhoza kuzulidwa, ndipo ozula sakhala a boma okha. Pamsika munthu akangokuwa kuti "Wakuba!", khamu limatola miyala lisanafunse chimene chabedwa. M'midzi, agogo amene adalera mudzi wonse amatchulidwa mfiti mwana akamwalira mwadzidzidzi, ndipo ena aphedwa ndi adzukulu awo omwe. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana nawo, popanda ndi mmodzi yemwe wofunsidwa mbali yake. Munthu akatulutsidwa pa belo, anthu amati khothi ladya ziphuphu. Loya akaimira woganiziridwa kupha, amati ndi mnzake wa zigawenga. Boma likasintha, otsatira chipani cholowa amaombera m'manja poona a chipani chotuluka akukwezedwa m'galimoto ya polisi, osafunsa ngati malamulo atsatidwa. Madandaulo ena pa makhothi ndi oona: milandu imachedwa, osauka amakhalitsa pa rimandi, ndipo loya ndi wodula. Koma mankhwala a khothi lochedwa ndi kulikonza kuti lifulumire. Mu 1969 anthu amantha adauzidwa kuti mankhwala ake ndi kuchotsa loya ndi kupeputsa umboni, ndipo zimene zidatsatira zalembedwa pamwambapa.

Mumzinda wa Mzuzu muli msewu wotchedwa dzina la Orton Chirwa, ndipo n'koyenera kutero. Koma chikumbutso chimene chingamuyenere loya ndi china. Ndi mfumu imene imaimitsa mlandu kufikira mboni ya woimbidwa mlandu itafika. Ndi wapolisi amene amawerenga maola 48 ngakhale womangidwayo ndi wodedwa ndi mudzi wonse. Ndi phungu wa chipani cholamula amene amawerenga bilu iliyonse akudzifunsa kuti idzamuchita chiyani tsiku limene adzakhale mbali yotsutsa. Ndi mphunzitsi amene salanga mwana asanamve mbali yake, pakuti bwalo loyamba limene mwana amaliona ndi la kusukulu.

Makolo sadanene kuti chaona mnzako chikhoza kudzakhala pa iwe. Adati chili pa iwe, ndipo adatchula ndi tsiku lomwe: mawa. A Chirwa adatsekeredwa popanda mlandu ndi atsamunda mu 1959, adakhala nduna ya zachilungamo mu 1963, ndipo adaweruzidwa popanda loya mu 1983. Zonsezi zidachitikira munthu mmodzi m'zaka 24 zokha. Amene ali pabwalo lero, kaya pampando wa woweruza kaya m'khamu la oonerera, aziyang'ana bwino pamene wakhala woimbidwa mlandu, ndipo azifunsa ngati iwo angakhutire kuweruzidwa momwemo.